Kompyuta Yoothera Dzuwa

Chinthu chakufa sichivuta. Wailesi ikapsa ndiye kuti yapsa. Mumaidandaula tsiku limodzi, n'kuiika pamwamba pa kabati, moyo n'kumapitirira. Njinga ikathyoka foloko palibe amene amakhala pansi kuti aganize, poti maso okha amakuuzani kopita. Chosautsa ndi chinthu chimene lero chigwira ntchito, mawa chikana, mkuja chigwiranso ngati kuti sichinalakwepo. Chotere simungachitaye popeza chikadali ndi moyo, komanso simungachidalire popeza chilibe pangano ndi munthu. Mukachinyamula kupita nacho kwa mmisiri chimakadzichitira ulemu ngati mwana wopulupudza pamaso pa alendo, mmisiri n'kumakuyang'anani ngati wodwala ndinu.

Ife anthu tili ndi mawu awiri amene timabisalamo pa zinthu zotere: "nthawi zina". Imayaka nthawi zina. Imazima yokha nthawi zina. Tikatero timaona ngati tafotokoza, chonsecho tangovomera kuti sitinayang'anitsitse. Tsono m'nkhani ino, anzanga, ndifuna kunena za kompyuta yakale ya pa tebulo imene inandionetsa kuti "nthawi zina" zimenezi zili ndi masiku ake ndi maola ake, ndi kuti munthu wofatsa angathe kuzilemba m'kope mpaka zitaulula zokha.

Kompyutayo anandipatsa ndi atsibweni anga, amene anaigula motsika mtengo pamene ofesi ina inkagulitsa katundu wake wakale. Inali ya chibokosi chotuwa, cholemera moti pochinyamula munthu ankayamba wapuma kaye, ndipo kapepala komata kumbuyo kwake kankasonyeza kuti inapangidwa mu 2006. M'chaka cha 2022, pamene ndinali m'chaka changa chomaliza pano pa Chirunga, inali itakwanitsa zaka 16. Anzanga a malaputopu anaipatsa dzina loti Gogo. Ine sindinkadandaula nazo, pakuti mako ndi mako, usamuone kuchepa mwendo. Gogo ndiye ankasunga kafukufuku wanga wa chaka chomaliza, masamba oposa 60, pamodzi ndi mawu a anthu amene ndinacheza nawo m'midzi ya kwa Jali ndi ku Mayaka. Gogo yemweyo ndiye ankandilipirira lendi ya kachipinda kanga ku Chikanda, chifukwa madzulo ndinkatayipira anzanga ntchito zawo, iwo n'kumandipatsa kangachepe pa tsamba lililonse. Kufa kwa kompyuta imeneyi kukanakhala kugwa kwa digiri ndi denga tsiku limodzi.

Matenda anayamba kumayambiriro kwa mwezi wa Juni, ndipo anali ndi nkhope zitatu. Tsiku lina ndinkadina batani, kompyuta n'kungokhala chete ngati mwala: fani osazungulira, kanyali ka kutsogolo osaphethira n'komwe. Tsiku lina fani inkagwedezeka kamodzi, ngati munthu wofuna kudzuka amene wasintha maganizo, kenaka zii. Tsiku linanso inkayaka pa kudina koyamba ndi kugwira ntchito mpaka usiku, kupatula kuti mwa apo ndi apo inkazima yokha pakati pa chiganizo n'kuyambiranso. Pamwamba pa zonsezi, ikayaka inkaiwala tsiku ndi nthawi, n'kumaumirira kuti tili pa 1 Januwale wa chaka chimene ine ndinali ku pulayimale. Choyamba chimene ndinachita pa tsiku lina labwino chinali kukopera ntchito yonse m'kafulashi ndi kudzitumizira pa imelo. Tsiku limene wodwala wadzuka ndi kumwa phala ndilo tsiku lomufunsa pamene anakwirira ndalama.

Alangizi sanasowe. Mnzanga wogona naye chipinda chimodzi anaweruza mlandu asanavule nsapato: "Amwene, imeneyi ndi vayirasi basi. Mafulashi a anthu mumalowetsamowa." Koma vayirasi imakhala m'mapulogalamu, ndipo mapulogalamu sayenda kompyuta isanadzuke, mlendo amene ali m'chipinda cham'kati sangakhale amene akukaniza chipata cha kumsewu. Amayi eni nyumba anandiitanira pambali n'kunena motsitsa mawu: "Mwana wanga, chinthu choyaka ndi kuzima chokha sichikhala chabwino. Alipo amene sakukondwa ndi maphunziro akowa." Wachitatu, mnyamata wophunzira za makompyuta, anangoseka: "Itayeni imeneyo, mugule laputopu," ngati kuti malaputopu amathyoledwa mu mtengo wa mango. Onse atatu ankandifunira zabwino, ndipo onse atatu anafika pa chigamulo mboni zisanalankhule.

Kuti munthu amvetse matenda otere, ayenera kudziwa zimene zimachitika m'kanthawi kochepa kamene kali pakati pa kudina batani ndi kuwala kwa sikirini. Ambiri timayesa kuti batanilo lili ngati swichi ya nyali, yogundanitsa waya ndi waya. M'makompyuta akale kwambiri zinalidi choncho. Koma kuyambira mu 1995, pamene kampani ya Intel inakhazikitsa kapangidwe kotchedwa ATX, batani linasanduka mthenga chabe. Kumbuyo kwa chibokosi, pamene chingwe cha ku khoma chimalowera, kuli kabokosi kachitsulo kamene amisiri amakatcha power supply. Ntchito yake ndi kulandira magetsi a ku khoma, amene kuno kwathu ndi a mavolti 230, n'kuwatsitsa kuti akhale a mavolti 12, 5 ndi 3.3, oyenera ziwalo zanthete za m'kati. Kuchokera m'kabokosimo mumatuluka mtolo wa mawaya opita pa thabwa lalikulu lotchedwa motherboard, ndipo waya aliyense mtundu wake umanena ntchito yake: achikasu amanyamula 12, ofiira 5, a mtundu wa lalanje 3.3, ndipo akuda ndiwo njira yobwererapo.

Mwa mawaya onsewa alipo atatu amene ndiwo eni nkhani ino. Woyamba ndi wa pepo. Ameneyu amanyamula mavolti 5 ngakhale kompyuta ili yozimitsa, malinga pulagi ili ku khoma. Ndiye mlonda amene sagona mudzi wonse uli m'tulo. Mukadina batani, motherboard imakumvani ndi mphamvu ya mlonda ameneyu, ndipo imagundanitsa waya wachiwiri, wobiriwira, ndi njira yobwererapo ija, kumene kuli kuuza power supply kuti dzuka. Power supply imakweza magetsi onse, n'kudikira kuti akhazikike, osapitirira theka la sekondi, kenaka imatumiza mawu pa waya wachitatu, wotuwa, oti zonse zili bwino. Apa m'pamene purosesa imadzuka, n'kuwerenga malangizo oyamba otchedwa BIOS, n'kuyamba kuwerenga a m'nyumba: RAM ilipo? Kiyibodi ilipo? Cha sikirini chilipo? Onse akayankha, makompyuta ambiri a nthawi imeneyo amalira kamodzi kuti "bii", ntchito n'kuyamba.

Choncho kudzuka kwa kompyuta ndi uthenga wodutsa m'manja mwa amithenga angapo, ndipo nkhope iliyonse ya matenda imaloza pamene uthenga wafera. Fani zikamazungulira koma sikirini ili bii, vuto lili kumapeto, mwina pa RAM. Fani ikagwedezeka n'kuleka, power supply yayamba ulendo n'kubwerera panjira. Kompyuta ikangokhala chete, ndiye kuti mlonda wagona, kapena magetsi sakumufika, kapena batani silikupereka uthenga. Gogo anali ndi nkhope ziwiri zomalizazi, kotero ndinadziwa mbali ya mudzi yoyambira kufunsa.

Ndinadziikira malamulo awiri. Loyamba: chilichonse chilembedwe. Ndinagula kope la masamu, n'kujambula mizere ndi rula: tsiku, nthawi, kunja kuli bwanji, magetsi anagona ali oyaka kapena ayi, ndadina kangati, chachitika n'chiyani. Lachiwiri: chisinthidwe chinthu chimodzi pa nthawi imodzi, kuyambira ku khoma kumalowa m'kati, chotchipa patsogolo chodula pambuyo. Mukasintha zinthu zitatu pamodzi kompyuta n'kuyaka, simudziwa choti muthokoze. Ndipo pa matenda obwera ndi kuchoka pali msampha wina woposa uwu: ngakhale musinthe chinthu chimodzi chokha kompyuta n'kuyaka, simunatsimikize kanthu, chifukwa mwina tsikulo inali yoti iyaka kale. Sing'anga amene wafika tsiku limene malungo anali oti atsika amatchuka mudzi wonse. Umboni wa tsiku limodzi si umboni.

Za kunja ndinadutsamo msanga. Soketi ndinaiyesa ndi ayironi, inali bwino. Fyuzi ya m'pulagi inali yamoyo, mano a pulagi osapserera. Chingwe ndinasinthanitsa ndi cha sikirini, poti n'zofanana, matenda osasamuka. Kumbuyo kwa power supply kunali kaswichi kofiira kolembedwa 115 mbali ina, 230 mbali ina; kanali pa 230 pamene kayenera kukhala. Kaswichi kameneka kapha makompyuta ambiri ochokera ku America, kumene magetsi a m'nyumba ndi a mavolti 120: mukailumikiza kuno kali pa 115, mumamva kuphulika ndi fungo la utsi, nkhani n'kuthera pomwepo. Batani ndinaliyesa m'mawa wina pamene kompyuta inali itakana, pogunditsa nsonga ya chomasulira masikulu pa timano tiwiri ta pa motherboard pamene mawaya a batani amafikira. Inakanabe, ndipo batani linatuluka m'khoti lopanda mlandu. Taonani kuti kuyesa kotere kuli ndi phindu pa tsiku lokana lokha. Pa tsiku labwino aliyense ndi wosalakwa.

M'kati munali fumbi la zaka 16, lophatikana ngati thonje pa fani ndi pa timano ta chitsulo choziziritsa purosesa, pamodzi ndi zikhungwa za mazira a mphemvu. Nditachotsa pulagi ku khoma, ndinalipukusa ndi pampu ya njinga ndi kaburashi kopentera. Tsiku lina ndinazula RAM, n'kupukuta mano ake agolide ndi labala yofufutira pensulo, n'kuibwezera mpaka timaloko ta m'mbali titalira kuti "ke". Tsiku linanso ndinamasula hard disk ndi choyimbira ma CD kuti ndione ngati katundu wachuluka. Mnzanga wa fizikisi anandibwereka mita yoyezera magetsi masana ena, ndipo mawaya onse anayankha bwino: wachikasu anali pakati pa 11.4 ndi 12.6, wofiira ndi wa pepo pakati pa 4.75 ndi 5.25, monga mmene kapangidwe ka ATX kamalolera. Ndinalemba m'kope manambalawo, ndi kulembanso kuti nthawi inali 3 koloko masana, kunja kuli dzuwa.

Mita yomweyo inagwira wolakwa mmodzi. Pa motherboard pali kabatire kozungulira ngati ndalama yachitsulo, kotchedwa CR2032. Manambalawo amanena kukula kwake, mamilimita 20 m'mimba mwake ndi 3.2 kuchindikala. Kameneka ndiko kamayendetsa wotchi ndi kusunga zimene BIOS inauzidwa pamene magetsi achoka. Kamayenera kukhala ndi mavolti 3, koma ka Gogo kanali katatheratu. Ndinagula kena kwa ogulitsa mawotchi mu msika. Kompyuta inakumbukira chaka, ndipo inayaka bwinobwino masiku atatu otsatizana. Mnzanga uja anafuna kuti tigule zakumwa. "Amwene, mwaipeza! Kanali kabatire basi!" Ndinamutsegulira kope, n'kumuonetsa kuti masiku atatu abwino otsatizana anali atachitikapo kale kawiri kabatire kasanasinthidwe. Tsiku lachinayi Gogo anakhala chete ngati kale. Kabatire kanali ndi mlandu wake ndithu, wa kuiwalitsa tsiku, koma wakuba nkhuku amene wagwidwa sindiye kuti ndi yemwe anaba mbuzi. Makina akale, monga anthu akale, kawirikawiri sadwala nthenda imodzi.

Patatha masabata atatu ndinakhala pansi Lamulungu masana kuti ndiwerenge kope lonse kuyambira pamwamba, monga mmene munthu amawerengera mayankho a kafukufuku. Choyamba kuoneka chinali chakuti masana ndi madzulo Gogo sanakanepo ngakhale kamodzi. Kukana konse kunali kwa m'mawa. Koma si m'mawa uliwonse, ndipo apa m'pamene panagona chinsinsi. Unalipo m'mawa wina wozizira zedi, wa chiperoni, nkhungu itaphimba phiri la Zomba ndi mvula ya mawawa ikugwa, pamene inayaka pa kudina koyamba. Unaliponso m'mawa wina pamene magetsi anali atazima usiku wonse, koma kunja kutacha mofunda, inayakanso. Ndinayamba kuika chizindikiro pa mizere imene zinthu ziwirizi zinakumana, kuzizira ndi kugona kopanda magetsi. Mizere imeneyo inalipo 8, ndipo pa mizere yonse 8 kompyuta inakana. Pa mizere ina yonse inayaka.

Mukumbukira kuti chaka chimenecho magetsi anali osowa. Mu Januwale 2022 namondwe wotchedwa Ana anawononga malo opangira magetsi a Kapichira pa mtsinje wa Shire, dziko n'kutaya mamegawati pafupifupi 130, ndipo malowo sanabwerere pa ntchito mpaka mu 2023. Madera ankalandira magetsi mosinthana, kotero usiku wina Chikanda chinkagona mowala, usiku wina mu mdima. Ineyo magetsi akazima ndinkazula pulagi ku khoma, poopa kuti pobwerera amatha kubwera mwaukali. Nayonso chiperoni ili ndi kalendala yakeyake: imakhala masiku awiri kapena atatu, n'kuchoka, n'kudzabweranso. Makalendala awiriwa sankayendera limodzi. Munthu wongoyang'ana kuzizira kokha sakanaona kanthu, woyang'ana magetsi okha chimodzimodzi. N'chifukwa chake matendawa ankaoneka ngati alibe mwini. Akuluakulu anati kuona maso a nkhono n'kudekha. Ine ndionjezere kuti n'kukhalanso ndi kope.

Komabe zimene kope lanena zimafunika kuziyesa, chifukwa maso a munthu amakonda kuona njira ngakhale pamene palibe. Ngati zinali zoona, ndiye kuti ndikanatha kuitana matendawa mwadala, ndi kuwathamangitsanso mwadala. Usiku wina wozizira, magetsi alipo, ndinazula pulagi ndekha. M'mawa Gogo anakana. Ndinali nditabwerekanso mita ija, ndipo waya wa pepo, amene masana aja anaonetsa mavolti 5, tsopano anali asakufika ngakhale pa 2. Mlonda anali m'tulo. Dzuwa litatuluka ndinanyamula chibokosi chija, n'kuchikhazika pa khonde, msana wake utaloza kum'mawa, kwa mphindi 40. Nditachibwezera m'nyumba, waya wa pepo anaonetsa 5, ndipo kompyuta inayaka pa kudina koyamba. Ndinabwereza zimenezi masiku atatu osiyana, zotsatira zake zimodzimodzi. Amayi eni nyumba, amene nawonso m'mawa uliwonse ankaothera dzuwa pa khonde lomwelo, anayang'ana mnzawo wachitsuloyo kwa nthawi, kenaka anati: "Ndiye kuti si anthu ayi, mwana wanga. Ndi nyamakazi, ngati yangayi."

Apa m'pamene ndinapita kwa mmisiri, bambo wina wachikulire wokonza mawailesi ndi ma TV m'kashopu kena kufupi ndi msika. Ndinapita ndi power supply ndi kope. Bambowo anavala magalasi awo omanga ndi ulusi, n'kuwerenga mizere yonse osalankhula.

"Achimwene, ntchito mwandigwirira kale," anatero. "Anzanu amangofika n'kunena kuti yafa. Ine ndikaiyatsa imayaka, poti muno mumatentha ndiponso amafika masana. Ndiye amapita akunena kuti mdala uja sadziwa kanthu."

"Nanga n'chiyani, bambo, chimene chimaopa kuzizira?"

"Dikirani muone. Koma manja anu akhale m'thumba."

Anali ndi chifukwa chonenera choncho. M'kati mwa power supply muli mbali imene imasunga magetsi oposa mavolti 300, ndipo imatha kuwasungabe kwa nthawi pulagi itazulidwa. Munthu wosadziwa ayeze mawaya a kunja, asinthe kabokosi konse ngati angathe, koma asakatsegule. Bambowo anayamba akhuthula magetsi otsalawo ndi kachida kawo, kenaka anandionetsa timigolo ting'onoting'ono toimirira pa thabwa, totchedwa makapasita. Kapasita ili ngati thanki ya madzi pa nyumba: imasunga magetsi pang'ono n'kumawatulutsa mosalala ngakhale mpopi ukutsokomola. M'kati mwake muli timapepala ta aluminiyamu tokulungidwa pamodzi ndi pepala lonyowa ndi madzi a mankhwala. Madziwo akamauma ndi zaka ndi kutentha, thanki imachepa ndipo khomo lake limathina. Amisiri ali ndi chiwerengero chawo chakuti kutentha kukakwera ndi madigiri 10, moyo wa kapasita umafupika ndi theka. Fumbi lija lotseka mpweya linali likudya zaka za Gogo mwakachetechete. Komanso pakati pa 1999 ndi 2007 mafakitale ena anatulutsa makapasita ambirimbiri a madzi osakanizidwa molakwika, amene ankatupa ndi kuuma nthawi yake isanakwane, ndipo makompyuta a zaka zimenezo padziko lonse anavutika nawo.

Awiri mwa makapasitawo anali otupa pamwamba ngati chitini cha nsomba chowonongeka, pamene abwino amakhala afulati. "Awa ndiwo amakuzimitsirani pakati pa ntchito," anatero bambowo. "Magetsi a ku khoma akatsika pang'ono kapena hard disk ikakoka kwambiri, thanki ilibe chosungira." Kenaka analoza kena kakang'ono kwambiri, kosaposa njere ya nyemba, kooneka bwinobwino, kopanda chotupa chilichonse. "Koma wa m'mawa ndi uyu. Ameneyu ndiye amadzutsa mlonda wanu uja." Anafotokoza kuti madzi otsala m'kapasita youma amachita ulesi kukazizira, magetsi n'kumavutika kudutsamo, ndipo akafunda amapepukako. Pulagi ikagona ku khoma, mlonda sazima usiku wonse, amadzifunditsa yekha ndi ntchito yake, ndipo safunika kudzutsidwa. Magetsi akachoka amazima n'kuzizira, ndipo m'mawa ayenera kuyamba kuchokera pansi, pa nthawi imene kakapasita kaja kali kofooka kwambiri. Zigawo ziwiri za m'kope mwanga zinakumana m'kanthu kamodzi kosaposa nyemba. Ndipo taonani: amene anaoneka odwala ndi maso sindiwo anali ndi mlandu waukuluwo.

Anazula onse atatu ndi chowotcherera, n'kuikapo ena a muyeso womwewo, olembedwa kuti amapirira madigiri 105. Mtengo wa zonse sunapose wa nsima ya nkhuku ku lesitilanti. Asanatseke anagundanitsa waya wobiriwira ndi wakuda ndi kawaya kopinda, fani n'kuzungulira mwamtendere. Nditayamba kuwathokoza anandidula mawu.

"Musandithokoze lero, achimwene. Lero ndi masana. Kazizulani pulagi usiku uliwonse, ikayaka m'mawa wozizira kakhumi mudzabwere mudzandithokoze."

Bambowa sanaphunzirepo njira za kafukufuku m'kalasi iliyonse ya pano, koma anadziwa chimene mabuku athu amatenga mitu yathunthu kuti anene: chinthu chobwera ndi kuchoka sichinachire chifukwa chakuti lero sichinabwere. Chachira pamene mwachiikira zonse zimene chimakonda, mobwerezabwereza, icho osabwera. Mwezi wa Julayi unali ndi m'mawa wozizira wokwanira. Ndinawerenga mpaka 12, ndipo ndinapita kukawathokoza ndi paketi ya shuga.

Kafukufuku ndinamaliza ndi kupereka pa nthawi yake, lendi inalipidwa. Koma chimene chimandikhalabe m'mutu ndi kopelo, chifukwa kuyambira nthawi imeneyo mawu oti "nthawi zina" ndimawamva paliponse, ndipo ndimafuna kuwajambulira mizere. Mjigo wa kumudzi umatulutsa madzi nthawi zina. Mwana wa mlongo wanga amakomoka nthawi zina. Ndipo inu aphunzitsi athu, ndinene mwaulemu, muli ndi ophunzira amene mumati amakhoza nthawi zina: lero alemba ngati munthu wa distinkishoni, sabata yamawa ngati sanalowepo m'kalasi. N'chapafupi kunena kuti ndi aulesi, monga mmene kunalili kwapafupi kunena kuti Gogo ali ndi vayirasi. Mwina kope likanaonetsa kuti zolemba zoipazo zimagwa kumapeto kwa mwezi pamene ndalama ya chakudya yatha, ndiponso pamene dera limene amagona linagona mu mdima. Chimodzi chokha amachipirira, ziwiri pamodzi zimamugwetsa. Sindikunena kuti zili choncho kwa aliyense. Ndikunena kuti sitingadziwe tisanalembe tsiku, nthawi, ndi mmene kunja kunalili.

Gogo ali moyo mpaka lero. Ali kumudzi kwa mlongo wanga, kumene ana amaphunzirirapo kutayipa. Powatumizira ndinamata kope lija m'kati mwa chitseko cha chibokosi, pamodzi ndi rula ndi pensulo, ndipo pa tsamba lotsatira ndinajambuliratu mizere yopanda kanthu. Makapasita enawo nawonso ndi a 2006, ndipo tsiku lawo likubwera.